Timaluwa tomera tokha m'thanki ya madzi amchere: zimene ndaona pa ntchito yanga ku Durban

Ife amene timagwira ntchito yosamalira mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere kuno ku Durban, mafoni ambiri odandaula amene timalandira sakhala a nsomba yakufa ayi. Amakhala a "timaluwa" tomwe tamera tokha pamiyala ya m'thanki. Poyamba mwini thanki amakondwa: sanagule, sanadzale, koma taonani kanthu kamoyo katulukira pamwala, kakuvina ndi madzi. Ikangotha miyezi ingapo, yemwe uja ndi amene akuimba foni kuti korali wake wodula (nyama ya m'nyanja yomera pamwala ngati chomera) wayamba kufota mbali imodzi, ndipo timaluwa tija tadzaza miyala, takwera galasi, tina talowa mpaka m'mapaipi.

Ine za nsomba ndinayambira pa mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi, zomwe anthu ambiri kuno amaziweta m'nyumba monyadira. Mbuna sizivuta: madzi oyera, miyala, chakudya, basi. Thanki ya makorali ndi nkhani ina. Mwala womwe umalowamo umakhala wamoyo, uli ndi tizilombo tambirimbiri tobisala m'maenje ake, ndipo sudziwa amene wabwera nawo mpaka atatulukira yekha. Ndikulemba izi poganizira anzathu amene ayamba kuweta makorali paokha, komanso abale athu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni mwa anthu kuno ku South Africa, omwe tsiku lina abwana adzangowauza kuti "kandichotsereni zomera pamiyalazo." Dziwani kuti timaluwati si tamtundu umodzi. Njira yothetsera kena imachulukitsa kena, ndipo pali kena koti mukakathira madzi otentha mukhoza kugoneka banja lonse m'chipatala.

Si maluwa enieni, ndi nyama. Oweta ndi amalonda amazitchula mapolipu, ndipo ndi achibale a makorali ndi jellyfish. Polipu aliyense ali ndi thupi lofewa, pakamwa pakati, ndi timanja tozungulira pakamwapo. Timanjato tili ndi timbola tosaoneka ndi maso, tomwe amagwirira chakudya komanso kuwotchera oyandikana nawo. Ambiri amasunga ndere zing'onozing'ono m'mnofu mwawo, zomwe zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. N'chifukwa chake maganizo oti "ndingosiya kudyetsa, afa ndi njala" sathandiza. Malinga nyali ya thanki ikuyaka, iwo akudya.

Ndikafika pathanki yotere sindifulumira kutulutsa mankhwala m'chikwama. Ndimazimitsa mapampu kuti madzi adekhe, ndimachotsa kuwala kwa buluu kuja n'kuyatsa koyera, chifukwa buluu amanamiza maso, chilichonse chimangooneka chobiriwira chokongola. Kenako ndimajambula ndi foni pafupi n'kukulitsa chithunzicho kuti ndiwerenge timanja. Mukapeza timanja 8 pa polipu aliyense, tili ndi timphonje m'mbali ngati nthenga, ameneyo ndi wa m'banja la makorali ofewa: Xenia, green star polyps, clove polyps kapena Anthelia. Timanja tikakhala tambiri komanso tosalala, ndiye kuti ndi anemone (polipu woima payekha) monga Aiptasia, apo ayi ndi gulu la Zoanthus ndi Palythoa. Mukatero yang'anani pansi pake. Kodi aliyense waima payekha, phazi lake lili m'dzenje la mwala, kapena onse amera pa chikopa chimodzi chomwe chayala pamwalapo? Pomaliza ndimawapemerera madzi pang'ono ndi kachubu, ndipo apa ndi pomwe amadziulula. Aiptasia amazimiririka nthawi yomweyo, kungosiya dzenje. Zoanthus ndi Palythoa amatseka pang'onopang'ono n'kutsala timitu tozungulira toonekera. Green star polyps amalowa onse, pamwala n'kutsala chikopa chapepo chokhala ndi timatuza.

Pali kanyama kena kosalakwa komwe kamaphedwa kawirikawiri chifukwa cha phuma, nyongolotsi ya feather duster. Nayonso imalowa msanga ikadzidzimuka, koma imakhala m'kachubu komwe inadzipangira, ndipo mutu wake ndi nthenga zokhazokha. Imeneyo isiyeni, imangosefa madzi. Chimodzimodzi timadontho toyera tokhala ndi timanja tomwe timamata pagalasi thanki ikakhala yatsopano: ambiri mwa iwo ndi ma hydroid, achibale ang'onoang'ono a mapolipuwa, omwe amatha okha thanki ikakhwima. Ma hydroid oyenera kudandaula nawo ndi aja omera mothithikana m'timachubu tabulawuni pamwala, chifukwa amawotcha makorali.

Wovutitsa anthu kwambiri ndi Aiptasia. Ndi wabulawuni, thupi loonekera mkati, timanja titalitali tosongoka. Akatswiri anamusintha dzina mu 2014 n'kumuika mu mtundu wa Exaiptasia, koma m'mashopu dzina lakale lija ndi lomwe likugwirabe ntchito. M'malabu amachita kumuweta dala pofufuza chomwe chimayeretsa makorali nyanja ikatentha, ndipo anamusankha chifukwa safa chisawawa komanso amaswana msanga. Chinthu choterocho ndi chomwe anthu amafuna kuchigonjetsa ndi burashi.

Mphamvu zake zili kuphazi. Akamasuntha pamwala amasiya tizidutswa ta phazi m'mbuyo, ndipo kachidutswa kalikonse kamasanduka Aiptasia watsopano m'masabata ochepa. Amene analimapo munda wa kapinga andimvetsa: ukamudula ndi khasu ndiye kuti wamudzala. Kukwecha ndi burashi, kuzula ndi chopanira, kubaya ndi waya, zonsezi n'kumwaza mbewu, pampu n'kuzitengera mbali zonse za thanki. Ndinapezapo thanki ina ku Umhlanga yomwe mwini wake ankakwecha miyala Loweruka lililonse mosadumphitsa, uku akudabwa kuti bwanji zikungochuluka. Aiptasia akavutitsidwa amatulutsanso timaulusi toyera todzaza ndi mbola. Korali woyandikana naye amayamba ndi kutseka, kenako mnofu umasenda mbali yomwe akukhudzana, n'kutsala fupa loyera.

Aiptasia akakhala ochepa, owerengeka ndi zala, njira yomwe yandithandiza ndi laimu wa kalkwasser. Ameneyu ndi calcium hydroxide, ufa woyera umene oweta makorali amasungunula m'madzi owonjezera kuti makorali apeze kashiamu. Ndimasakaniza pang'ono ndi madzi a RO (osefedwa ndi makina, opanda mchere) mpaka akhale phala loti likhoza kutuluka mu sirinji yopanda singano. Alipo mankhwala okonzeratu ogula m'shopu, monga Aiptasia-X wa kampani ya Red Sea, ndipo kagwiritsidwe ntchito kake n'kofanana. Koma ndaona kuti pa ntchitoyi dzanja limaposa mankhwala.

Mapampu onse akhale ozima, madzi ali phee. Mumafika ndi sirinji pang'onopang'ono, osakhudza timanja, osagunda mwala. Mukafika pamwamba pa kamwa, mumadontheza kadontho kamodzi kaye. Iye amayesa chakudya, timanja n'kupindikira mkati kukumbatira. Pamenepo ndiye mumafinya mpaka nkhope yonse ndi dzenje lake zitakwiririka ndi phala loyera. Mapampu muwasiye ozima kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti phalalo lisauluke n'kukagwera pa korali, chifukwa limawotcha chilichonse chomwe lagwerapo. Akakuonani msanga n'kulowa, musamukakamize, pitani kwa wina, mubwereranso akatuluka. Ndipo m'thanki yaing'ono musaphe gulu lonse tsiku limodzi. Madzi a laimu ameneyu pH yake (muyeso wosonyeza ngati madzi ali a asidi kapena a laimu) imapitirira 12, pomwe thanki ya makorali imafuna cha m'ma 8.1 mpaka 8.3. Ochepa lero, ochepa mawa, uku mukuyeza madzi.

Ndisakunamizeni, ena amabwerera. Kaphazi kakatsala mkati mwa dzenje, pakatha masabata angapo mumaona tiwiri kapena titatu pamalo pomwe panali mmodzi. N'chifukwa chake dzenje likakhala pofikirika ndimalitseka ndi supagulu wa jelo kapena epoxy ya m'madzi. Mwala ukakhala waung'ono, wosavuta kutulutsa, ndi bwino kungoswa chidutswa chomwe chili ndi Aiptasia ndi tchizulo n'kutaya. Ena amabaya madzi a ndimu, ena madzi owira. Ndimu sindinaone kuti amaposa laimu, ndipo madzi owira ndili ndi chifukwa chowaletsera chomwe ndifikepo posachedwa.

Akachuluka kopitirira owerengeka, sirinji n'kungodzitopetsa. Pamenepo timaitana owadya. Otchuka ndi tishirimpi ta peppermint, ta mtundu wa Lysmata, tochokera cha ku Florida ndi Caribbean. Timagwira ntchito usiku, timakonda Aiptasia ang'onoang'ono, ndipo mukamatidyetsa kwambiri timachita ulesi. Pogula tsegulani maso. Pali kashirimpi kena kofiira kofanana nako, ka camel shrimp, komwe dzina lake la sayansi ndi Rhynchocinetes durbanensis, lotengera mzinda womwe uno. Kali ndi linunda pamsana, mizere yoyera yowala, maso akuluakulu, ndipo mlomo wake umaloza m'mwamba. Aiptasia sikamudya, koma makorali ofewa ndi ma zoa (Zoanthus aja) kamawatafuna. Peppermint weniweni ndi woonekera mkati, mizere yake ndi yofiira yopyapyala, msana wopanda linunda. Ndaonapo mitundu iwiriyi ili m'thanki imodzi m'shopu, dzina limodzi, mtengo umodzi.

Katswiri weniweni ndi Berghia, kankhono kopanda chigoba kotalika masentimita awiri kapena kuposerako pang'ono, komwe sikadya china chilichonse koma Aiptasia. Kamadya mpaka phazi lomwe, kamalowa m'maenje omwe sirinji singafike. Vuto lake kamafuna munthu wodekha. Mukatiika m'thanki timasowa, masabata amatha osationa, mwini thanki n'kumandifunsa kuti ndalama zake zapita kuti. Timatuluka usiku, timaikira mazira ooneka ngati kaulusi koyera kopiringizika, ndipo ntchito imayamba kuoneka ana akaswa, pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Nsomba za wrasse zimatidya, tishirimpi ta peppermint natonso timatidya, ndiye njira ziwirizi musaziphatikize. Aiptasia akatha, Berghia amafa ndi njala, choncho otsala ndi bwino kumupatsira mnzanu amene ali ndi vuto lomwelo. Ine nthawi zambiri ndimawapeza m'njira yomweyi, kwa oweta anzanga, osati m'shopu.

Za nsomba ndinena mwachidule. Copperband butterflyfish, Chelmon rostratus, ndi yokongola ndipo zina zimadyadi Aiptasia, koma ndi yovuta kudyetsa. Zambiri zimawonda n'kufa m'manja mwa oyamba kumene, ndiye kuigula ngati waganyu n'kuilakwira. Filefish ya Acreichthys tomentosus ndi yolimba, koma ikamaliza Aiptasia, kapena isanamalize n'komwe, imatha kutembenukira ku makorali anu.

Majano ndi msuweni wake wa Aiptasia: wamfupi, wonenepa, nthawi zambiri wobiriwira, timanja tofupika tokhala ndi timitu kunsonga. Sabisala mozama, choncho nthawi zina amamatuka yense ukamunyamula phazi mosamala. Berghia samudya, peppermint nayenso kawirikawiri amangomulambalala. Laimu yemwe uja amagwira.

Gulu la timanja 8 lija nkhani yake ndi yosiyana, chifukwa ambiri mwa iwo timachita kugula tokha ndi ndalama. Green star polyps ndi Xenia ndi makorali omwe m'shopu amapatsa oyamba kumene ponena kuti "uyu safa", ndipo sanama. Xenia amatsegula ndi kutseka timanja tsiku lonse, mlendo aliyense wolowa m'nyumba amaima pamenepo. Koma amayenda: amaweramira pamwala woyandikana nawo, kumata, kuduka pakati, basi akhala awiri. Green star polyps chikopa chake chimayala pa chilichonse, mwala, galasi, pampu, ngakhale tsinde la korali wolimba, n'kumuphimba mpaka kufa. Sawotcha ngati Aiptasia, amangolanda malo. Makorali a mushroom nawo ali ndi khalidwe lomwelo, ndipo ukawadula n'kusiya kachidutswa ka phazi, kamaphuka.

Amene akuwafunabe, mwala wawo ukhale chilumba, pawokha pamchenga, osakhudzana ndi mwala wina kapena galasi, ndipo mpata wake muziuyang'ana mwezi ndi mwezi. Akakhala kuti afalikira kale, chikopa cha green star polyps chimasendeka. Mumalowetsa nsonga ya mpeni kapena chopanira m'mphepete n'kukoka pang'onopang'ono. Pagalasi lezala imachotsa bwinobwino, koma pamwala wa maenje pamatsalira tizidutswa tomwe timaphukanso, ndiye pamafunika kubwereza kapena kupaka laimu m'malire. Xenia mukamudula pa tsinde chitsa chimaphuka, ndipo fungo lake likakulowani m'manja kusamba kamodzi sikukwana. Mukatha ntchito ngati imeneyi ikani kaboni watsopano mu fyuluta ndi kusintha madzi ena, chifukwa makorali ofewa akavulazidwa amatulutsa zinthu zosowetsa anzawo mtendere.

Ovuta koposa m'gululi ndi blue clove polyps, tating'ono kwambiri, tabuluu motuwa. Sitisendeka, ndipo timatulukira malo otalikirana ndi pomwe tinayambira. Oweta ambiri akatopa amathamangira fenbendazole, mankhwala a njoka za m'mimba za agalu ndi ziweto zina, omwe amagulitsidwa ndi dzina loti Panacur. Amagwiradi, koma sasankha: amapha clove, Xenia, green star polyps, ma gorgonian (makorali ooneka ngati nthambi), ndipo nyongolotsi ndi nkhono zina zimafa nawo. Zakufa zonsezo zikamaola m'thanki madzi amaipa. Ine njira imeneyi ndimailola pokhapokha miyala yatulutsidwa n'kuikidwa m'chidebe chapadera, ndipo mwini wake ndimamuuziratu kuti miyalayo itenga nthawi isanalolenso korali wofewa kumerapo.

Tsopano za Palythoa, zomwe zandilembetsa zonsezi. Ndi mabatani abulawuni kapena obiriwira, aakulu kuposa zoa wamba, nkhope yafulati, timanja tifupitifupi m'mphepete, ndipo ukayang'anitsitsa khungu lawo lili ndi timchenga tolowerera mkati. Amamera mothithikana pa chikopa chimodzi. Amene mumapita kumiyala ya kugombe la KwaZulu-Natal madzi akaphwa munawapondapo achibale awo, atayala mwala wonse. Ena mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe. Anamutulukira mu 1971 akatswiri awiri a pa University of Hawaii, Richard Moore ndi Paul Scheuer, potsatira nkhani yakale ya anthu a ku Hana pa chilumba cha Maui, omwe ankapaka "ndere yakupha" kunsonga za mikondo yawo. Poizoniyu amasokoneza kapampu kamene kamayendetsa sodium ndi potassium m'maselo a thupi, ndiye minofu, mapapo ndi mtima zimavutika. Alibe mankhwala omusukulutsa, kuchipatala amangothandiza thupi kuti lipirire mpaka atatha. Si Palythoa aliyense amene ali naye, koma ndi maso simungasiyanitse. Onse muwatenge ngati ali naye, ndi ma zoa omwe.

Poizoniyu amalowa pabala, m'maso ndi m'kamwa, koma njira yomwe anthu saiganizira ndi ya mpweya. Mukathira madzi otentha pamwala, mukauwiritsa, mukaukwecha ndi burashi uli kunja kwa madzi, kapena mukaupopera ndi mashini otsukira galimoto, poizoni amakwera ndi nthunzi komanso timadontho, aliyense wa m'nyumbamo n'kumupuma. Bungwe la zaumoyo la CDC ku America linalemba mu 2015 za anthu a ku Alaska amene anadwala motere m'nyumba ndi m'mashopu a nsomba, ziweto za m'nyumba n'kudwala nawo. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England, banja lina ndi ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza anathera kuchipatala chifukwa cha kutsuka za m'thanki.

Mnyamata wina wa kwathu, wogwira ntchito ya m'gadeni ku Durban North, anandiimbira madzulo ena mawu ali osasa. Abwana ake ankaphwasula thanki, ndiye anamupatsa miyala kuti akaitsuke kuseri kwa nyumba ndi madzi a mu ketulo.

"Achimwene, kodi miyala ya nsombayi imadwalitsa? M'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna chitsulo, m'mphuno mukungotuluka madzi, thupi lonse likunjenjemera."

"Pamiyalapo panali chiyani, mphwanga?"

"Timabatani tabulawuni, tambirimbiri. Nditathira madzi otentha tinatulutsa zonanda."

"Siya zonse pomwepo, usapitekonso kuseriko. Uwauze abwana akuperekeze kuchipatala pompano. Ndikutumizira dzina pa WhatsApp, ukawaonetse adokotala."

Iye ankayesa chimfine kapena malungo, ndipo akanangomwa panado n'kukagona. Usiku umenewo chifuwa chinamuthina, anamuika pa okosijeni, koma anachira. Dzina la poizoniyo ndi lofunika kupita nalo kuchipatala, chifukwa si dokotala aliyense amene anakumanapo ndi vutoli, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine chachikulu: kutentha thupi, kutsokomola, kuphwanya kwa minofu, kubanika. Abwana akewo nawonso sankadziwa kanthu. Anakhala ndi mabataniwo zaka, akuwayesa zokongoletsa. Ndiye abale anga, mukapatsidwa miyala ya m'thanki ya madzi amchere kuti mutsuke, si mwano kufunsa kuti pamera chiyani ndi kupempha magolovesi. Abwana akakayikira, auzeni alembe mawu oti palytoxin pa Google adziwerengere okha.

Pogwira Palythoa ine ndimavala magolovesi aatali ofika m'zigongono, magalasi otchinga maso, ndi chophimba pakamwa ndi mphuno, chifukwa ukawafinya amalavula madzi molunjika kumaso. Ngati n'kotheka ntchito yonse ichitikire pansi pa madzi, m'chidebe, panja, ana ndi ziweto ali kutali. Mwala wodzaza nawo sindilimbana nawo. Ndimaumiza wonse m'chidebe cha madzi ozizira osakaniza ndi Jik wamba wopanda zonunkhiritsa, kuvundikira, n'kuusiya masiku angapo, chifukwa Jik amawononga poizoniyo. Musamusakanize ndi viniga kapena asidi wina aliyense, zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe nawonso ndi woopsa. Mwalawo umatuluka wakufa, woyera mbee. Mukafuna kuubwezera m'thanki muutsukuluze kambirimbiri, muuviike m'mankhwala ochotsa chlorine, n'kuuyanika mpaka fungo litatheratu. Madzi akakugwerani m'diso, tsukuluzani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, musati tione mawa. Matawulo, zidebe ndi mipeni yomwe mwagwiritsa ntchito zisalowenso kukhitchini.

Zomwe mwachotsa, za mtundu uliwonse, zisapite kunyanja kapena m'ngalande ya madzi a mvula. Kuno madzi a Indian Ocean ndi ofunda, chinthu cha m'thanki chikhoza kupeza mudzi. Ku Venezuela korali wa m'banja la Xenia wotchedwa Unomia stolonifera, yemwe kwawo ndi ku Indonesia, anaoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero waphimba matanthwe ambiri a m'dera la Mochima. Akatswiri amaloza chala malonda a makorali a m'mathanki. Iphani ndi Jik, mangani m'pulasitiki, tayani m'bini.

Pafupifupi onse amene ndawatchulawa amalowera khomo limodzi: kachitsa komwe korali watsopano wamatidwapo, kapena mwala wopatsidwa ndi mnzako. Mankhwala oviikamo makorali atsopano amagwetsa nyongolotsi ndi tizilombo toyenda, koma Aiptasia amangolowa m'dzenje n'kudikira kuti zithe. Ndiye ine korali watsopano ndimamuchotsa pa kachitsa kake kakale n'kumumata pa katsopano, kakaleko kubini. Amene ali ndi malo, kathanki kakang'ono kosungiramo alendo kwa mwezi kamapulumutsa zambiri, bola madzi ake afanane ndi a thanki yaikulu, mchere 35 ppt (magawo 35 pa 1,000 aliwonse), kutentha madigiri 25 kapena 26. Chakudya cha ufa chomwe anthu amamwaza kuti makorali akule msanga chimayamba chanenepetsa Aiptasia. Ndinaonanso kuti nthawi imene magetsi ankazimazima kwambiri mu 2023, mathanki omwe makorali ake anafooka ndi omwe anadzaza mapolipu olimbawa, popeza malo anali atatseguka.

Thanki ikaoneka kuti yayera, musakhutire ndi za kutsogolo zokha. Tengani tochi usiku muunike m'bokosi la overflow (momwe madzi a m'thanki amasefukiramo), m'sampu (kathanki kosefera madzi) pansi pa kabati, kuseri kwa miyala ndi pakamwa pa mapaipi. Kumeneko nsomba kapena shirimpi sizifikako, chakudya chimadutsa tsiku lonse, ndipo Aiptasia wa kumeneko amakhala wotuwa chifukwa chosowa kuwala, nthawi zina wamkulu kuposa onse amene munapha. Iyeyo ndi amene amadzazanso thanki. Bokosi la overflow ndimalipala ndi lezala pampu ili yozima, paipi yotsikira kusampu nditaitseka, kenako madzi onse a m'bokosimo ndi zopalidwazo ndimazikokera m'ndowa. Paipi yokokerayo muziiyambitsa ndi kapampu ka m'manja kapena poidzaza madzi kaye, osati poyamwa ndi pakamwa.